Ndikufuna kuika masipika m'mitondo ndi kuonetsa vidiyo pa ufa, amalume akuti ndapenga

Nachisale_93

Moni nonse, pepani ndilemba zambiri koma ndithandizeni maganizo chifukwa kunyumba kuno aliyense akungondiseka. Ine ntchito yanga ndi ya mavidiyo a maukwati kuno ku Zomba, ndimagwira ndi achimwene anga, iwo kamera ine editing, chaka chachinayi chino. Kandalama kamapezeka koma kunena zoona ndatopa, ukwati uliwonse ndi chimodzimodzi, perekaniperekani maola atatu, kudula keke, apongozi kuvina, basi mawa winanso.

Nde mwezi wathawu ndinapita kumudzi kwa agogo ku Dedza, m'mawa kusanache bwinobwino ndinadzidzimuka ndi mtondo, azakhali anga ndi amayi ena awiri akukonola chimanga kuseri kwa nyumba, minsi itatu mtondo umodzi kumalandizana osagundana ngakhale kamodzi. Ndinangoika foni pansi pafupi ndi mtondowo nkuyatsa rekoda kenako nkupita kukasamba. Usiku wake nditamvera ndi ma earphone thupi langa linachita tsembwe, mukumveka kupuma kwa anthu, wina akuyamba kanyimbo nkukasiya pakati chifukwa cha kuseka, nkhuku zikulimbirana gaga, lichero likupeta, ndipo patali kwambiri chigayo cha dizilo chikuliza du du du ngati chikuwayankha. Zinthu zoti ndakhala ndikuzimva kuyambira ndili mwana koma sindinazimverepo.

Maganizo anga ndi awa. Mnzanga ali ndi kashopu kopanda kanthu ku Chinamwali, wati nditha kukagwiritsa ntchito masabata awiri asanapeze wa lendi. Ndikufuna nditseke mawindo mukhale mdima, ndiike mitondo inayi kapena isanu, mu mtondo uliwonse muli sipika ikulira zakezake, wina kusinja wina nyimbo wina chigayo, pakati pa chipinda ndiyale mphasa ndithire ufa woyera ngati mmene timayanikira padzuwa ndipo vidiyo ya manja a azimayiwo izioneka pa ufapo kuchokera pa pulojekita yomangirira kudenga. Palibe nkhani, palibe ochita sewero, munthu angolowa nkuima kapena kuzungulira nkutuluka. Ndimaganizanso zoikamo kavidiyo ka gule kamene ndinajambula pa maliro ena kumudzi komweko kuti kazibwera mwadzidzidzi.

Amalume nditawafotokozera anangoti iwe ufa ndi wodya osati woonera kanema, sukulu yakuwononga. Achimwene akuti ndani angalowe mu shopu ya mdima kukamvera mtondo poti kwawo ulipo. Nde funso langa, kodi zimenezi zilipo kwina kapena ndine ndekha wamisala? Ndipo amene mumadziwa za mawaya, masipika asanu aliyense kumalira zosiyana zimatheka bwanji popanda ndalama zambiri, komanso magetsi akazima pakati?

Chatsika_wa_ku_Joni

Kkkkk achemwali amalume anuwo sakunama kwenikweni. Ine kuno ku Cape Town bwana wanga ananditenga tsiku lina ku Zeitz MOCAA, nyumba yoonetsera zaluso ija anaikonza mu nkhokwe yakale ya chimanga ku Waterfront, nyumbayo payokha ndi yodabwitsa sindikana. Koma mkati tinalowa chipinda china mdima bii, pakhoma vidiyo ya munthu akungoyenda mmadzi, ndinadikira kuti mwina ng'ona imugwira, ayi ndithu mpaka inayambiranso poyamba. Azungu ali chilili manja kumbuyo kumagwedeza mitu ngati ali pamaliro. Ine ndinatuluka nkukakhala pa benchi. Zinthu zimenezi ndi za anthu okhuta, munthu wa pa Chinamwali amene wagula ka walkman ka ufa madzulo ano akaone mwathira ufa pansi kuti muonetserepo kanema akutukwanani. Pitirizani maukwati, kumeneko nde kuli ndalama.

Mlamu_wa_ku_Leeds

A Nachisale simuli nokha ndipo simunapenge, zomwe mwafotokozazo zili ndi dzina, amati installation, ndiye kuti chipinda chonse ndi chimene chili ntchitoyo osati chithunzi chimodzi chopachika pakhoma, ndipo ikakhala ya vidiyo ndi mawu ena amati video art kapena sound art kapena kungoti media art. Ine si katswiri, ndimagwira ya care kuno, koma ma off anga ambiri ndimathera m'ma gallery chifukwa ambiri kulowa ndi ulere ndipo mumatentha kkk, nde pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kuzikonda.

Zinayamba kale. Munthu amene ambiri amati ndi tate wa video art ndi Nam June Paik, wa ku Korea, anabadwa 1932 nkumwalira 2006. Mu 1963 ku Wuppertal ku Germany anaonetsa ma TV amene anawasokoneza dala mkati kuti zithunzi zizipindika, ndipo pakhomo polowera anapachikapo mutu wa ng'ombe weniweni wongodula kumene, nde ngati inu akukutchani wamisala chifukwa cha ufa ganizirani ameneyo. Mu 1965 anaika maginito wamkulu pamwamba pa TV chithunzi nkumapotokoka, mu 1974 anakhazika chiboliboli cha Buddha kutsogolo kwa TV, kamera ikuchijambula, iye nkumadzionera yekha pa TV-po tsiku lonse. Anthu ankaseka nthawi imeneyo, pano zili m'ma museum akuluakulu.

Koma chimene chandikumbutsa mitondo yanuyo ndi cha mayi wina wa ku Canada dzina lake Janet Cardiff, anachipanga 2001, chimatchedwa The Forty Part Motet. Anatenga nyimbo ya kwaya ya zaka za m'ma 1500 yoimba anthu 40 aliyense mawu akeake, nkujambula woimba aliyense payekha, kenako masipika 40 pa timitengo kutalika ngati munthu, kuwaimika mozungulira chipinda. Ukaima pakati umamva kwaya yonse ikukuzinga, ukapita kukaika khutu pa sipika imodzi umamva munthu mmodzi yekha, mpaka mmene akukokera mpweya. Ndipo nyimbo isanayambe anasiyamo dala mphindi zingapo zoti oimbawo akungocheza, kutsokomola, ana akunong'onezana. Ine nditachiona panali mayi wina wachikulire pambali panga akulira osabisa, inenso ndinameza malovu kangapo. Mulibe chithunzi chilichonse mmenemo, masipika okhaokha. Nde zija mwanena za wina kuyamba nyimbo nkuisiya chifukwa cha kuseka, musadzazidule pa editing chonde, pamenepo nde pali nyama.

Ndipo a Chatsika musati ndi za azungu zokha. Emeka Ogboh wa ku Nigeria amajambula phokoso la mu Lagos, makondakitala a timabasi tawo tachikasu tija amati danfo akuitanira, nkukaliika m'mizinda ya ku Ulaya anthu kumadabwa kuti minibasi ili kuti. William Kentridge wa ku Joni komweko amajambula ndi makala, kufufuta, kujambulanso, nkupanga mavidiyo oonetsa pa makoma angapo nthawi imodzi. Ndipo tili ndi wathu, Samson Kambalu, wobadwa 1975, anaphunzira ku Kamuzu Academy ndi ku Chanco komweko kwanu ku Zomba, pano amaphunzitsa ku Oxford. Ambiri anamudziwa 2022 pamene chiboliboli chake cha John Chilembwe atavala chipewa pambali pa mmishonale John Chorley chinaimikidwa ku Trafalgar Square ku London, anachitenga pa chithunzi cha 1914, Chilembwe wamkulu kwambiri mzunguyo wamng'ono, ine ndinakwera basi dala kukachiona. Koma asanafike pamenepo anali kale ndi timavidiyo take amati Nyau Cinema, anationetsa ku Venice Biennale, chionetsero chachikulu cha zaluso ku Italy, 2015. Tosaposa mphindi imodzi, tooneka ngati mafilimu akalekale opanda mawu, iye yekha atavala zovala wamba akuchita kanthu kachilendo pamsewu kapena pa paki, nkumabwerezabwereza. Kumbuyoko anakulungapo mipira ya miyendo ndi mapepala a Baibulo nkumauza anthu kuti azimenya, ganizirani zimenezo ku Malawi kkk.

Chokhacho chimene ndingakutsutseni ndi kuchuluka kwa zinthu. Mitondo, ufa, chigayo, nyimbo, gule, zonse mu kashopu kamodzi zikhala ngati msika wa lachiweru. Kambalu mphindi imodzi imamukwana. Sankhani chimene chinakuchititsani tsembwe usiku uja, zinazo musunge.

Mmisiri_Ndirande

Za kuti ndi luso kapena ayi ndisiyira anzanga, ine ndimakonza mawayilesi ndi ma amp, ndiyankha za mawaya.

Choyamba iwalani za Bluetooth. Foni imodzi nthawi zambiri imagwira sipika imodzi, mawu amachedwa, ndipo timasipika totchipati tikangotaya network kapena batire ikatsika timayamba kuyankhula tokha chizungu chija cha mayi uja, nde tangoganizani anthu ali ziii kumvera mtondo kenako mtondowo nkunena kuti uli ready to pair, ntchito yonse yathera pompo. Njira yotchipa ndi yoti mtondo uliwonse ukhale ndi kake kodziimira, timawayilesi tija tolowa memory card kapena flash, muikemo fayilo imodzi yokha nkuika pa repeat. Onetsetsani musanagule kuti kakafika kumapeto kamayambiranso kokha, ena amangoima. Chaja muilowetse pansi, musaboole mitondo ya eni ake, pezani yakale yong'ambika kale pansi imene anthu anaitaya, imeneyo waya amadutsa bwino ndipo angokupatsani ulere.

Simukufunikanso kuti ziziyambira limodzi. Mupange dala kuti mafayilo atalike mosiyana, ina mphindi 3, ina 5, ina 7, zikayamba limodzi zidzakumananso poyambira patatha mphindi 105, kutanthauza kuti munthu wolowa 9 koloko ndi wolowa hafu pasiti 9 samva zofanana ngakhale mafayilo ndi omwewo. Zaulere zimenezo, palibe kompyuta. Ndipo mtondo pawokha ndi bokosi la sipika labwino kwambiri, mtengo wolemera wobooka mkati, bass imakula yokha, mungoika kansalu pansi kuti kawayilesi kasamanjenjemere pa mtengo.

Pojambula mawu, chigayo musachiyandikire ndi foni, chimaphulitsa mawu nkumveka ngati wayilesi yosagwira siteshoni ndipo zikatero palibe pulogalamu ingakonze, imani patali. Mphepo nayo ndi mdani, valikani foni sokosi kapena kasiponji kumene kuli maiki. Mukafuna kugunda kwenikweni kwa mkati mwa mtondo pezani ka piezo, kachitsulo kozungulira kaja kamakhala mu ma buzzer ndi mawotchi a alamu, kulumikiza waya nkukamata ndi tepi pa thupi la mtondo, kamamva kunjenjemera kwa mtengo osati mphepo, mudzamva ngati mutu wanu uli mkati mwa chimanga. Kusakaniza mawu gwiritsani pulogalamu ya pakompyuta ya Audacity, ndi yaulere.

Pa magetsi nde pamene pali nkhani. Pulojekita ya babu ija ya m'maofesi imadya ma watt 250 mpaka 300. Batire ya sola ya 12V 100Ah papepala ndi 1200Wh koma ya asidi simuyenera kuitsitsa kupyola theka apo ayi muipha, nde mwatsala ndi 600, inveta idyeponso yake, maola awiri mwina osakwana. Komanso ya babu magetsi akazima mwadzidzidzi fani imaima babu ili yotentha, kangapo kokha babu yapita ndipo mtengo wake mulira. Pezani ka LED kakang'ono, kuwala kwake nkochepa koma poti chipinda ndi cha mdima ndipo ufa ndi woyera mbee chithunzi chituluka, ndipo pa batire yomweyo mutha tsiku. Mawindo tsekani ndi mapepala akuda apulasitiki kapena makatoni, pakhomo makatani awiri otsatana kuti wina akamalowa dzuwa lisalowe naye. Pulojekita yoloza pansi imatentha msanga, musatseke mabowo ake a mpweya pomangirira, ndipo fumbi la ufa likalowa mu fani ndi vuto, anthu asamaugwiregwire.

Mukadzafuna zoti munthu akayandikira mtondo ndi pamene uyambe kulira, zimatheka ndi ka sensa kaja ka ma security light amati PIR ndi kakompyuta kakang'ono ngati Arduino kapena Raspberry Pi, sizovuta, koma ulendo woyamba musayambe nazo, chinthu chilichonse chowonjezera ndi chinthu chinanso chodzafa tsiku lotsegulira. Ndinathandizapo anyamata ena za ngati zomwezi pa holo ina kuno, zonse zinkayenda bwino mpaka alendo atalowa, sensa nkumayatsidwa ndi aliyense nthawi imodzi, phokoso lake ngati depoti. Ndipo mukakopeka ndi za maginito pa TV yakale ya chimsana zomwe anena a ku Leeds, kunja kokha, musatsegule kumbuyo, imasunga moto ngakhale mwazula pa soketi.

Mbewe_wa_pa_Linthipe

Mwana wanga Nachisale, ine ndine wamkulu pang'ono pano ndipo kwathu ndi komweko, ndiye undimvere. Za masipikazo sindikudziwapo kanthu koma ziwiri ndikuuze.

Gule umuchotsemo. Sikuti gule sajambulidwa, amajambulidwa, UNESCO inamuvomereza 2005 kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi ndipo ku Mua kwa a Kungoni zigoba zilipo mazanamazana anthu amakaona. Koma kumeneko zinachitika mokambirana ndi eni ake kwa zaka zambiri. Iwe wajambula pa maliro a munthu, ndi foni, mwina osapempha kwa amfumu kapena akuluakulu a kudambwe, ndipo ukufuna chilombo chizitulukira pa ufa mu shopu ku Zomba kuti anthu adzidzimuke. Ofedwawo akadzamva udzawayankha chiyani, ndipo agogo ako ndi amene adzaitanidwe kubwalo osati iwe. Mnyamata wa ku Oxford amene akumutchulayo, mmene afotokozera a ku Leeds, anatengako mzimu wake wa gule, kusanduka kuja, kuchita zosayembekezeka pagulu, koma amadzijambula yekha ndi jekete lake. Pamenepo pali kusiyana.

Chachiwiri ndi nyimbo za pamtondozo. Ana a mtauni mumaziona ngati tinyimbo tokometsera ntchito. Ayi. Pamtondo ndi pamene mayi amanenera zimene sanganene m'nyumba, mwamuna woledzera, apongozi ovuta, mkazi mnzake wa pamitala, amaimba dala mokweza kuti mwini nkhani amve ali pakhonde koma sangamuzenge mlandu poti ndi nyimbo. Ndiye kaimvetsere bwino nyimbo imene anaiyamba nkuisiya nkusekayo, mwina anaisiya chifukwa woimbidwayo amadutsa. Ukaitenga nkukaiika pa sipika kenako ana aijambula aiponya pa Facebook, mawu a azakhali ako aliyense kumudzi amawadziwa, ukwati wa munthu utha chifukwa cha luso lakolo. Bwerera ukawamveretse, uwauze kumene zikupita, iwo asankhe yoti ituluke, ndipo kasopo ndi kasuga usaiwale, anthu anakugwirira ntchito.

Koma usasiye. Kwathu kuno chigayo chokonola chinafika, atsikana a pano ambiri munsi sautha, amatuluka matuza tsiku limodzi. Mayi anga ankadziwika mudzi wonse ndi kasinjidwe kawo, tinkadziwa tili kudimba kuti amenewo ndi iwo. Palibe anawajambula.

Chatsika_wa_ku_Joni

Madala a Mbewe mwandikhudza, agogo anga nawonso ankaimba pamtondo za agogo aamuna ndi kachasu wawo ife nkumavina osadziwa kkkk. Komabe nkhani ya ufa pansi sindinasinthe, nyengo ino anthu akuvutika.

Nachisale_93

Zikomo nonse, sindimayembekeza. A Mbewe mwandiopsa bwino, ndamveranso nyimbo ija usiku ndipo mukunena zoona, muli dzina la munthu mmenemo, ine ndimangomva ngati mawu a nyimbo. Gule ndamuchotsa, kavidiyoko ndikasunga ndekha. Loweruka ndikwera ya ku Dedza ndi ma earphone awiri ndikawamveretse azakhali, akakana ndijambula zina iwo akudziwa.

A ku Leeds ndatsitsa, mitondo itatu basi, amayi atatu aja aliyense wake, chigayo chikhale kasipika kamodzi kobisika kuseri kwa katani kazimveka patali ngati mmene chinalili tsiku lija. A Chatsika ufa sindiutaya, ukhala pa mphasa yatsopano yoyala papulasitiki, palibe woponda, ndi ndowa imodzi yokha ndipo ndayesa kale dzulo kuchipinda ndi pulojekita yobwereka, manja akuoneka ngati akutuluka mu ufamo, achimwene amene amandiseka aja anaima pakhomo mphindi khumi osayankhula kenako nkuti kamera ukagwiritse yanga osati foni. Zikatha tidzaphika nsima pompo ndi amene adzabwere tsiku lomaliza, mukakhala mwabwera ku holide mudzadye nawo.

A Mmisiri funso lina, ka piezo kaja ndikalumikiza bwanji ku foni, jack wamba wa ma earphone agwira kapena pakufunika kena pakati? Komanso nyerere ndi makoswe usiku nditani nawo ufawo, ndiziwola tsiku lililonse nkuyalanso m'mawa?